Sabata yomwe ndakhala ndikusuzumira ma foni a anthu

Ndimagwira ntchito ya uphungu wa zamaganizo pa kachipatala kena konkuno ku Mzuzu. Sabata ino abwana anabwera ndi nzeru yatsopano, akuti aliyense wobwera ndi mutu wosatha, kusowa tulo kapena mtima kuthamanga tizimupempha, akalola, atiwonetse maola amene akutha pa TikTok, Facebook ndi YouTube. Pa Android zimakhala paja palembedwa Digital Wellbeing, pa iPhone ndi Screen Time, zinayamba mu 2018 koma anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti foni yawo imawawerengera nthawi. Maganizo awo abwanawo ndi oti munthu akapanikizika kwa miyezi amathawira ku timavidiyo, nde mwina foni ingatitsine khutu mwini wake asanaulule.

Masiku onse timayeza ndi PSS, fomu ya mafunso yoyezera kupanikizika maganizo ija anatulutsa Sheldon Cohen ndi anzake mu 1983. Ife timagwiritsa ntchito ya mafunso 10, imafunsa za mwezi wapitawu, malikisi ake 0 mpaka 40, akakwera nde kuti munthuyo wapanikizika kwambiri. Nde ntchito inali yongoika malikisiwo pambali pa maola a pafoni nkuona ngati zikuyendera limodzi.

Lolemba zinakanikiratu. Kunabwera mnyamata wa kabaza wa ku Chibavi, maola 6 patsiku pa TikTok, ine mumtima ndati uyu nde watha, koma PSS yake inali pansi kwabasi. Akuti adokotala (amatitchula choncho olo tiwauze bwanji kuti sindife), mvula ya kuno ikayamba kuwaza tsiku lonse pa siteji sipabwera munthu, ndizitani? Mutu wake unali wa maso basi, tinamutumiza kokayezetsa. Lachiwiri amayi ena a kaunjika a mumsika waukulu, maola ambirimbiri pa YouTube, kufunsitsa nkupeza kuti ndi adzukulu amaonera makatuni, iwo foniyo amangoyankhira ndi kulandilira ndalama.

Amene wandikhalabe mmutu ndi bambo wina mphunzitsi wa Lachitatu. Maola ake ochepa zedi, limodzi ndi theka, pa fomu ya abwana akanadutsa ngati wabwinobwino. Koma nditadina kuti ndione ola ndi ola, zonse zinaunjikana pakati pa 1 ndi 3 koloko usiku, tsiku ndi tsiku. Ndati bambo, nthawi imeneyi mumakhala mukutani? Anakhala kaye chete kenako anayamba, katapila anatenga kuti alipilire mwana fizi, akazi awo sakudziwa, malipiro akangolowa amathera kubweza chiwongoladzanja nkukatenganso kwina, ndipo usiku akadzidzimuka amatsegula Facebook osati kuti zikuwasangalatsa ayi, sakumbukira olo kavidiyo kamodzi komwe anaonera, amangofuna mutu usiye kuwerengera ndalama. PSS inafika 31. Anabwera atatha miyezi akumwa panado.

Komabe usikuwo nawo osauthamangira. Ana asukulu a ku Luwinga ambiri amaonera usiku chifukwa bandulo yausiku ndiyotchipa, ena magetsi amayaka mochedwa nde foni imatchajidwa nthawi yomweyo. Ukangowerenga manambala osafunsa, umupatsa munthu matenda oti alibe.

Lachinayi pa miting'i mnzathu wina anatchula zoyeza mu tsitsi cortisol, homoni imene imachuluka mthupi munthu akapanikizika. Nzoona zimatheka, tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, nde masentimita 3 a kumizu amasonyeza mmene thupi lakhalira kwa miyezi itatu. Tonse tinangoseka. Kupatula kuti labu yathu siyingakwanitse, tayesani kuuza agogo a ku Zolozolo kuti mukufuna mumeteko tsitsi lawo mukasunge mu envulopu, mawa lake mbiri ili ponseponse kuti kuchipatala kuja akukhwimira anthu. Azibambo ambirinso ndi a mpala.

Ine ndinawauza abwana poyera kuti kuchuluka kwa maola kuno sikukutiuza kanthu. Chothandiza ndi nthawi yake, komanso kusintha, munthu amene kale 9 koloko amakhala atagona lero akufika mbandakucha ali pa foni. Ndipo zimenezo umazidziwa pocheza naye, foni imangothandiza poyambira nkhani. Anangoti tipitilize kaye mwezi uno tione.

Lachisanu mtsikana wina anakaniratu, akuti mwamuna wake amamusecha foni madzulo alionse, safuna winanso aigwire. Sindinakakamize, tinangochita mafunso, ndipo zomwe zinatuluka zinali zazikulu moti ndinamulembera kalata apite ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo konkuno. Pa fomu, mzere wa maola ndinasiya osalemba. Aphunzitsi aja abweranso Lachiwiri, akuti ayesa kubwera ndi akazi awo.