Ophunzira zachilengedwe akumudzi, dzaoneni zimene mgodi umasiya

Achimwene ndi achemwali amene mukuphunzira zachilengedwe ku Bunda, ku Mzuzu, ku Zomba ndi ku MUST, ambiri mukandilembera mumafunsa zinthu ziwiri: sikolashipu ikupezeka kuti, ndipo internship kuno ku Joni munthu amailowa bwanji. Ndiyankha ndithu. Koma ndiyambe ndi funso limene simundifunsa, loti kuno munthu angadzaphunzireko chiyani chimene kwathu sangachipeze. Kwa ine yankho lake ndi zinyalala za migodi ndi madzi ake. Za nkhalango, za nsomba, za nthaka ndi ulimi, aphunzitsi athu kumudzi amazidziwa bwino, ndipo nyanja ndi minda zili pakhomo pomwepo. Koma zimene zimatsala mgodi ukatha, Malawi sanazione mokwanira, pamene Johannesburg wakhala akuziunjika kuyambira 1886 golide atapezeka ku Langlaagte.

Aliyense wolowa mumzinda uno pa basi amaiona mitunda yachikasu, yosalala pamwamba, ili ndanda kuyambira kum'mawa mpaka kumadzulo. Si mapiri a Mulungu ayi. Ndi mwala umene unaperedwa mpaka kusanduka ufa kuti atulutsemo golide, wotsalawo n'kuutaya pamtunda. Mwezi wa August mphepo ikayamba, ufawo umauluka n'kukalowa m'nyumba za anthu ku Riverlea ndi ku Snake Park ku Soweto, pa mbale, pa zofunda, m'zifuwa za ana.

Choopsa kwambiri chili pansi. Mwala wa kuno uli ndi pyrite, chitsulo chophatikana ndi sulufule. Ukakhala pansi pa nthaka osasokonezedwa suvuta. Akauswa, n'kukumana ndi mpweya komanso madzi, umatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo zina zimene zili mumwalamo, kuphatikizapo uranium. Nthawi imene migodi inkagwira ntchito, makampani ankapopa madzi usana ndi usiku kuti anthu akumbe pouma. Migodi itatsekedwa mapampu anazimitsidwa, madzi anayamba kudzaza mapanga aja pang'onopang'ono, ndipo mu 2002 anatumphukira pamtunda kufupi ndi Krugersdorp. Mu 2011 boma la South Africa linapatsa TCTA, bungwe lake lomanga ntchito zikuluzikulu za madzi, ntchito yothana ndi vutoli, ndipo lero ku Germiston, ku Springs ndi cha ku Randfontein kuli malo opopera madziwo n'kuwathira laimu kuti asidi aphwe, zitsulo zikhale pansi ngati matope. Ntchito imeneyi ilibe tsiku lothera. Makampani ambiri amene anadya golideyo anachoka kalekale, ndipo mtolo watsalira boma ndi anthu wamba olipira misonkho ndi madzi.

Zonsezi ndinkazilemba pa mayeso n'kukhoza. Kuzimvetsa kwenikweni kunabwera pa internship, pa kakampani kakang'ono koyeza madzi ndi kulemba malipoti a zachilengedwe. Tinkanyamuka kusanache, mu June chisanu chitayera pa udzu, titavala majombo achitsulo kutsogolo ndi zovala zowala. Pa chitsime choyezera umatsitsa tepi yokhala ndi kachitsulo kumapeto, ikalira ndiye kuti yakhudza madzi, n'kulemba kuya kwake. Kenako umapopa madzi ogonamo kuwataya, chifukwa amenewo sanena zoona za pansi. Ukatero m'pamene umayeza pH, umene ndi muyeso wa asidi m'madzi, ndi kuchuluka kwa mchere, n'kudzaza mabotolo, kulemba dzina la chitsime, tsiku ndi nthawi, kuwaika m'bokosi la ayezi ndi kuthamangira nawo ku labu tsiku lomwelo. Mayi amene ankandiyang'anira sankanyengerera pa zimenezi. Botolo lopanda tsiku ndi nthawi ankalikhuthula ine ndikuona, amvekere, "Nambala imene sungaiteteze pamaso pa woweruza milandu si nambala."

Pa kamtsinje kena kumadzulo kwa mzinda madzi anali ofiirira ngati thobwa la mawere, m'mphepete mwake mutayera mchere, mopanda chule kapena kansomba. Makina anaonetsa pH ya 3, kusonyeza asidi wambiri, pamene madzi abwino akumwa amakhala pafupi ndi 7. Kumunsi pang'ono ana ankaponyamo miyala, ndipo anthu a mpingo wina, atavala zoyera, ankapemphera m'mbali mwa madziwo. Palibe anawauza kuti m'madzimo muli chiyani, kapena anauzidwa m'chilankhulo chimene sichinawafike pamtima.

Tsiku limenelo maganizo anga anali kwathu. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014, ndipo kampani ya Lotus Resources yautsegulanso. Madzi ochokera kumeneko amatsikira mu Sere, kulowa mu North Rukuru, n'kukathera m'nyanja yathu. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile wochuluka, ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala ya rare earths, ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium. Miyala imeneyi ndi yosiyana ndi ya kuno, ndipo si mgodi uliwonse umatulutsa asidi. Koma mafunso ake ndi omwewo. Ufa wotsala auika pati? Damu losungira matopewo likasweka nthawi ya dzinja, adzalowera mudzi wa yani? Ndalama zokonzera malowo mgodi ukadzatsekedwa zasungidwa kuti, ndipo akuzisunga ndani? Kuno mafunso amenewa anayankhidwa ndi maliro. Ku Merriespruit mu 1994 damu lotere linasweka mvula itagwa n'kupha anthu 17, ndipo mu September 2022 lina linasweka ku Jagersfontein n'kukokolola nyumba za anthu.

Lamulo lathu la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe. Lamulo lili bwino. Koma lipoti la mgodi limakhala chimpukutu cha masamba mazanamazana, lolembedwa ndi akatswiri olipidwa ndi kampani yomweyo. Pamafunika Mmalawi woti alitsegule pa mutu wa madzi apansi, aone kuti zitsime zoyezera n'zochepa, kapena kuti anayeza m'chilimwe mokha, n'kulibweza. Anthu otero tili nawo, koma ndi ochepa poyerekeza ndi migodi imene ikubwera.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, bambo ena achikulire a ku Dedza, amene amagwira ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za ku Sandton, anandifunsa zimene ndikuphunzira. Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anati, "Mwanangu, bambo anga anabwera kuno pa Theba, anabwerera kumudzi akutsokomola mpaka kumwalira. Fumbi limene lija lidakalipo?" Ndinawayankha kuti, "Lilipo bambo, kungoti tsopano lili pamtunda." Amalawi ambirimbiri anakumba nawo migodi imeneyi kudzera ku Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kumigodi. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi ya kuno, ngakhale pambuyo pake zinayambiranso kwa zaka zingapo. Mitunda yachikasu ija muli thukuta la agogo athu, ndipo ndikaiyeza sindidziona ngati mlendo.

Tsopano za njira yofikira kuno. Digiri ya kumudzi iyenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la kuno loona za ziphaso za maphunziro, yunivesite isanakulandireni, ndipo zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Kuno digiri yoyamba nthawi zambiri ndi ya zaka zitatu, kenako pali chaka cha honours, masters ibwera pambuyo. Dipatimenti ndi imene imanena poti muyambire. Yunivesite ya Wits ili ku Braamfontein, yunivesite ya Johannesburg (UJ) ili ku Auckland Park, ndipo zonse ziwiri zili ndi aphunzitsi amene akhala zaka zambiri akufufuza za migodi ndi madzi. Chifukwa cha pangano la SADC la za maphunziro la 1997, Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kungowonjezerapo ndalama ina ya ophunzira akunja. Viza ya sukulu imafuna kalata yokulandirani, umboni wa ndalama ndi inshuwalansi ya chipatala (medical aid) ya kuno, ndipo imakulolani kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata. Musabwere ndi masiku 30 a mlendo n'kumati zina zikaoneka komweko. Sukulu sikulembetsani popanda viza yoyenera.

Pa ndalama ndinene mosabisa. NSFAS, thumba la boma lothandiza ophunzira, ndi ya eni dziko, ndipo ndalama za NRF, bungwe la boma lolipirira kafukufuku, pafupifupi zonse zimapitanso kwa eni dziko. Zimene Mmalawi angapikisane nawo ndi za Mandela Rhodes Foundation, Canon Collins Trust, Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso DAAD ya ku Germany. Wofuna ku Ulaya ayang'ane Chevening ndi Commonwealth. Onsewa amafuna kumva vuto lenileni limene mukufuna kuthetsa, lokhala ndi dzina la mtsinje ndi la mudzi. Kalata yongonena kuti mumakonda chilengedwe amalandira zambirimbiri. Ndipo aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama kuti akupezereni malo kapena pemiti, muthaweni.

Internship ndiye povuta. Zambiri za boma ndi za makampani akuluakulu zimafuna chiphaso cha nzika ya South Africa, ndipo ndi ulova umene achinyamata a kuno akukumana nawo, sindidabwa nazo. Khomo limene limatseguka kwa ife ndi la kafukufuku. Mphunzitsi wokuyang'anirani amadziwana ndi makampani ang'onoang'ono amene amafuna wowathandiza kutenga madzi, kuwerenga zomera kapena kujambula mapu, ndipo akakuonani kuti ndinu wodalirika amakutchulani. Yanga inabwera choncho. Zimene amafunsa poyamba si magiredi. Amafunsa ngati muli ndi laisensi yoyendetsa galimoto, ngati mumatha kupanga mapu pa kompyuta, ngati mungalembe tsamba limodzi lomveka bwino popanda wina kulikonzanso. QGIS, pulogalamu yopangira mapu, ndi yaulere, mungaiphunzire muli ku hositelo ku Bunda, pojambula mapu a zitsime za m'mudzi mwanu. Musanayambe ntchito gwirizanani za ndalama yoyendera ndi ya chakudya, zilembedwe. Ndaona anzathu akugwira miyezi popanda kalikonse chifukwa choopa kufunsa.

Amene akufuna kukhazikika pa ntchito imeneyi kuno adziwe malamulo ake: NEMA, lamulo lalikulu la zachilengedwe la 1998, ndi malamulo a 2014 a EIA, ounika mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe. Wolemba malipoti ounika chilengedwe amalembetsa ku bungwe la EAPASA, wasayansi amalembetsa ku bungwe la SACNASP, ndipo konseko munthu amayamba ngati wophunzira ntchito pansi pa katswiri mpaka atakwanitsa zaka zofunika. Kupeza viza ya ntchito mukamaliza sukulu ndi nkhondo inanso, ndiye musamange moyo wanu wonse pa chiyembekezo chimenecho.

Chinthu chimodzi chimene ndinkachiona chopepuka m'kalasi n'kudzachilemekeza pa ntchito ndi misonkhano ya anthu okhudzidwa. Lamulo la kuno limapereka masiku osachepera 30 oti anthu aperekepo maganizo pa lipoti. Pa msonkhano wina muholo ya m'dera, katswiri anaonetsa matebulo pakhoma kwa nthawi yaitali anthu ali duu. Kenako mayi wina anaimirira n'kufunsa m'Chizulu ngati angapitirize kuthirira masamba ake ndi madzi a m'ngalande. Funso lonse la lipotilo linali limenelo, koma yankho lake silinali pa tsamba lililonse. Ine sindikanatha kuwayankha m'chilankhulo chawo. Ku Kasiya kapena ku Phalombe ndingathe, pansi pa mtengo, mfumu ili pomwepo, ndipo chimenechi katswiri wochokera ku Perth kapena ku London alibe.

N'chifukwa chake ine ndikufuna kubwerera. Ndikudziwa kuti malipiro a kumudzi ndi ochepa, ndipo ena mwa anzanga adzatsala kuno kapena kupitirira kunja; sindiwaweruza, aliyense ali ndi abale amene akumuyang'ana. Koma ntchito kwathu ilipo: ku MEPA, m'makhonsolo a maboma, m'mabungwe a madzi, m'makampani a migodi momwemo, ndi pa ntchito za misewu ndi ulimi wothirira zimene opereka ngongole salola kuti ziyambe popanda woyang'anira zachilengedwe.

Kwa inu amene muli chaka chomaliza ndipo simunasankhe mutu wa kafukufuku, ganizirani zoyeza madzi a m'zitsime, m'mijigo ndi m'mitsinje ya kumene mgodi ukubwera, kukumba kusanayambe. Vuto limodzi lalikulu kuno ndi lakuti palibe anayeza madzi golide asanayambe kukumbidwa, choncho pa mkangano uliwonse kampani imatha kunena kuti madziwo anali otero kale. Makina oyezera pH ndi mchere m'madipatimenti mwanu alipo, GPS ili pa foni. Yezani dzinja, yezaninso chilimwe, lembani tsiku ndi nthawi pa botolo lililonse, ndipo zotsatira zake musiye kope ku laibulale ya sukulu, lina kwa mfumu ya m'deralo. Kafukufuku yemweyo ndi amene mudzamulembe m'kalata yopempha sikolashipu.