Tambala yekha ndiye anatuluka bwino

Mchemwali wanga atadandaula kuti wojambula zithunzi pa chinkhoswe chake akutchula mtengo wodula mutu, ndinamudula mawu. "Iwe, ndalama imeneyo kaonjezere pa zakumwa. Kamera ili m'nyumba mwanga muno."

Kamerayo inalipodi: Nikon D3100 ya kaunjika, mtundu umene unatuluka mu 2010, yomwe ndinagula kwa mnyamata wina wobwera ku Joni. Ndipo sindinagule mwachimbulimbuli ayi. Ndinabwereka lenzi n'kujambula khoma loyera kuti ndione ngati sensa, kachipangizo kam'kati kogwira chithunzi m'malo mwa filimu, ili ndi madontho, ndinafufuza pa kompyuta kuti shutter yake, kachitseko kotseguka ukadina, yagwira ntchito kangati, mokhala batire namo ndinanunkhizamo. Kungoti inabwera yopanda lenzi yakeyake. Akuti inasweka m'basi.

Lenzi ndinaipeza kwa mdala wina wa ku Limbe amene ankajambula maukwati ndi kamera ya Zenit nthawi ya mafilimu. Anaitulutsa m'sokosi: Helios 44-2, ya mamilimita 58, yopangidwa ku Soviet Union, chitsulo chokhachokha. Ndinaiunika ndi tochi ya foni kufuna chuku, koma galasi linali mbee. Imeneyi imalowa chopotokola, amati M42, pamene Nikon ili ndi kamwa yakeyake, choncho ndinaitanitsa adaputa, kamphete kachitsulo kotchipa kuposa bandulo ya pamwezi. Nditalumikiza, kamera inayamba makani kuti palibe lenzi, mpaka nditaika pa M, pamene wojambula amadzitcherera zonse yekha. Kuyeza kuwala nako inakana, inati ndizidzionera ndekha. Ndinavomera.

Ndinaiyesa pabalaza. Kapu ya tiyi, mphaka, mayi a kunyumba akusankha mpunga. Abale, kukongola kwake! Nkhope ili ngwee, zakumbuyo zikuzungulira mwa kamvuluvulu. Mayi a kunyumba anachita kundifunsa ngati alidi iwowo.

Tsiku la chinkhoswe ndinafika ku Chilomoni nditatchena, kamera ili pachifuwa. Akuchimuna atayamba kulowa ndi nyimbo, ndinaima chapatali mwaulemu, diso pa kamera, n'kuyamba kupotokola lenzi. Chimbuuzi. Ndinapotokolanso mpaka inafika pothera. Chimbuuzi chomwecho. Ndinapukuta diso, ndinapukuta lenzi ndi taye, osasintha. Mwana wina atadutsa pafupi nane, ndinangoona mutu wake uli ngwee, ndi chipsera chomwe. Apa m'pamene m'mimba munati juu. Lenzi yanga imaona mamita awiri basi, kupitirira apo dziko lonse ndi utsi.

Kubwerera kunyumba kunali kosatheka. Ndinaganiza kuti ngati anthu sakubwera mu kamera, kamera iwatsatire.

Tsono pali china. Sensa ya D3100 ndi yaing'ono poyerekeza ndi filimu, choncho lenzi ya 58 imaona mopanikiza, mofanana ndi ya 87. Ukaima mamita awiri, chimene chimakwana ndi mutu ndi mapewa a munthu mmodzi. Ndiye taganizani: atsikana abwera atafunditsidwa zitenje kuti akuchimuna aloze mbeta yawo, anthu onse akuseka, ine ndili pakatikati pa bwalo ndikujambula maluwa a pa chitenje. Amalume, omwe ndi ankhoswe athu, ataimirira kuti alankhule, ndinawayandikira mpaka ndinamva fungo la mankhwala opaka a chimfine.

"Mphwanga," anatero chonong'ona, koma maikolofoni ili pakamwa, "ukufuna kundijambula kapena kundizula dzino?"

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Woyendetsa mwambo naye sanachedwe: "Akujambula, tapatukani pang'ono, anthu akufuna aone ankhoswe, osati msana wanu."

Pa perekaniperekani ndinapondedwa ndi azimayi ovina, ndipo mayi wina anandiponyera K200 poyesa kuti kugwadagwada kwangako ndi kavinidwe. Ndinatola. Posinthana nkhuku, akuchimuna atapereka tambala, mwayi unandigwera: tambalayo anali m'manja mwa amalume, pa mtunda weniweni umene lenzi yanga imafuna. Anatembenuka, n'kundiyang'ana, ine n'kudina.

Kenako azakhali anaitanitsa chithunzi cha banja lonse. Mbali zonse ziwiri zinandanda pakhonde, agogo pampando, ana pansi. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kumpanda kuti onse akwane, ndinawerenga mokweza mpaka katatu, ndinadina, n'kuimika chala chachikulu. Ndikanatani?

Mlandu unazengedwa Lamlungu lotsatira kwa amalume, zithunzi zili pa laputopu. Cha banja lonse chinangoonetsa mitundu ya zovala. Azakhali anadzizindikira ndi duku. Zinazo zinali khutu la mkamwini, mphuno ya amalume, dzanja la munthu wosadziwika lili m'lichero la ndalama. Koma tambala! Nthenga iliyonse yowerengeka, lipombo lili psuu, diso likuwala, kumbuyo kwake anthu akuzungulira mokongola.

Ndinadziteteza ndi masamu, chifukwa usiku wonse ndinali nditawerenga. Lenzi ya M42 inapangidwa kuti izikhala mamilimita 45.46 kuchokera pa filimu. Kamwa ya Nikon ili pa 46.5, ndiye kamphete kaja kamaonjezeranso pamenepo. Lenzi ikatalikira chotero imaona zapafupi zokha. Pa Canon ya EF mtundawo ndi 44, pa Sony yopanda kalilole m'kati ndi 18, choncho adaputa imapeza malo ndipo lenzi yomweyi imaona mpaka kuphiri la Ndirande. Ya Nikon imafunika adaputa yokhala ndi kagalasi m'kati, ngakhale kagalasiko kamachepetsako kuthwa kwa chithunzi.

"Ndiye ukuti chinkhoswe cha mwana wanga chaonongeka ndi milimita imodzi?" anafunsa amayi.

"Imodzi ndi kakanyenyeswa, amayi."

Amalume anaitanitsa rula ya mwana wa sukulu, anayang'ana milimitayo nthawi yaitali, n'kundiyang'ana ine.

Zithunzi zimene zili pakhoma kwa mchemwali wanga lero zinachokera mu foni ya Tecno ya mwana wa azakhali wa Fomu 2. Alamu anga okha ndiwo amandimvetsa: tambala uja anamuika pa WhatsApp. Nikon ndikuisinthanitsa ndi Sony NEX ya kaunjika, ndipo ndinauza komiti kuti pofika tsiku la ukwati zonse zikhala zili m'malo. Anandithokoza kwambiri, n'kundilemba m'gulu loyang'anira poimika magalimoto.