David Denton, nambala 8 wobadwira ku Marondera

Anyamata amene akusewera nambala 8 m'matimu a rugby a kuno ku Harare ayenera kumudziwa David Denton. Anabadwira ku Marondera mu 1990, makilomita pafupifupi 70 kuchoka m'tauni muno, koma poti mayi ake ndi a ku Scotland, anasewerera dzikolo maulendo 42 kuyambira mu 2011. Anayambira ku Edinburgh, mu 2015 n'kupita ku Bath, kenako Worcester ndi Leicester.

Mphamvu zake zinali pothamanga ndi mpira, ndipo zimenezi zimayambira kumbuyo kwa scrum, pamene osewera a kutsogolo a matimu awiri amagwirana n'kukankhana polimbirana mpira. Nambala 8 amalowetsa mutu pakati pa ma lock awiri, anzake a mzere wachiwiri wa scrum, mapewa n'kutsamira pa iwo. Mpira ukafika, amausunga ndi mkati mwa phazi, maso ali pansi. Akangochotsa phewa n'kutola mpira umene uli pamapazi pake, scrum yatha, adani ndi omasuka kumugwera. Achinyamata ambiri amalakwitsa pamenepa: amayamba adzuka, kenako n'kuweramiranso mpira, ndiye flanker wa adani, amene amakhala m'mbali mwa scrum, amawapeza asanaponye phazi. Tolani muli chowerama, phazi loyamba lipite kutsogolo. Kawirikawiri njira ndi ya kumanja, chifukwa scrum-half wa adani, nambala 9 wawo, amakhala kumanzere kwanu. Adani ena onse a kumbuyo amakhala atabwerera mamita 5, ndipo mamita amenewo ndiwo chakudya chanu.

Pa lineout, poponyeranso m'bwalo mpira umene watuluka, ndi pamene Denton anakumana ndi zowawa. Pa 18 Okutobala 2015 ku Twickenham, mu kotafainolo ya World Cup, Scotland inkatsogola 34-32 pa Australia, kutatsala mphindi zochepa, mvula ikugwa. Anasankha kuponyera kutali, kwa Denton. Mpira wonyowa sunagwirike bwino, unagunda anthu, Jon Welsh wa Scotland n'kuugwira ali kutsogolo kwa mnzake amene mpirawo unamugunda. Woyimbira, Craig Joubert, anapereka penate, Bernard Foley wa Australia n'kumenya, Australia n'kupambana 35-34. Pambuyo pake World Rugby inavomera kuti panayenera kukhala scrum. Komabe, kunena chilungamo, kuponya kutali mvula ikugwa n'kudziputira. Mpira umakhalitsa m'malere, ndipo woponya, wodumpha ndi omukweza awiri ayenera kugwirizana ndendende. Mukutsogola, nthawi yatha? Ponyerani wodumpha wa kutsogolo, pafupi ndi mzere wa mamita 5.

Chinamuchotsa m'bwalo ndi mutu. Anavulala mu Okutobala 2018 akusewerera Leicester polimbana ndi Northampton, ndipo zizindikiro sizinathe. Mu Seputembala 2019 anasiya rugby madokotala atamulangiza, ali ndi zaka 29 zokha.

Makochi a m'masukulu ndi m'makalabu, apa mverani. Sikuti munthu achite kukomoka kuti mudziwe kuti ubongo wagwedezeka. Mwana akadzuka akudzandira, maso ali gwa, osakumbuka zigoli, kapena akudandaula mutu, nseru ndi kuwala, atuluke ndipo tsiku limenelo asabwererenso. Kumuthira madzi kumaso si mankhwala. Kubwerera kumayenda pang'onopang'ono: kupuma kaye, kenako kuyenda kapena kupalasa njinga mopepuka, kuthamanga, maseŵera osagundana, ndipo kugundana pokhapokha dokotala atalola. Gawo lililonse litenge maola osachepera 24, ndipo mutu ukayambanso, abwerere pa gawo la m'mbuyo. Ana amachira mochedwa kuposa akuluakulu. Pogwetsa mnzake, mutu uzikhala kumbali kapena kumbuyo kwa chiuno cha wothamangayo, osati kutsogolo kwa mawondo ake.