Zikomo nonse, tabwerera kwathu ku Chilobwe

Loweruka lapitali tinagona m'nyumba mwathu koyamba chichokereni mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kutitsitsira matope ndi miyala. Ife tinatuluka amoyo tonse asanu, koma khoma lakuseri linagwa ndipo matope analowa pabalaza kufika m'chiuno. Anansi athu ena sitinawaonenso.

Alamu anga, munatisunga miyezi yonseyi m'nyumba ya zipinda ziwiri osatiwerengera nsima. Achimwene a ku Joni, simenti yonse ya khoma latsopano ndi thukuta lanu. Amayi anzanga a Mvano, ndowa zanu ndi zimene zinatulutsa matope aja, mpaka manja anachita matuza. Anzanga a banki m'khonde, kwacha itagwa mu Novembala 2023 mitengo ya zomangira n'kukwera, munandilezera mtima pa ngongole. Mulungu akubwezereni.

Koma lero ndilole ndithokoze mwapadera bambo amene anatipentera. Dzina sinditchula, sakonda zimenezo.

Makoma atatu amene anatsala anali ndi mzere wa pomwe matope analekezera. Tinakwecha, tinapaka laimu, kenaka penti yoyera, koma pakapita masabata mzere uja n'kutulukiranso. Ndikamauyang'ana tulo tinkandithawa. Bambowa atafika anagwira khoma ndi dzanja nati, "Mayi, khomali likadali ndi chinyontho. Mukungotaya ndalama." Anapala penti yonse, anatiuza tidikire dzuwa la Okutobala liumitse, nayenso pulasitala watsopano aume bwino. Atatero anapaka andakoti, penti yoyambira ya pansi, kenaka anabwera ndi maganizo amene anatidabwitsa: m'munsi monse, kupitirira pang'ono mzere uja, apake penti ya mafuta ya bulauni wakuda ngati khofi wopanda mkaka, ndipo m'mwamba ya kirimu.

Bambo a kunyumba anakana. "Matope omwewo tiwabwezerenso m'nyumba?" Apongozi nawo anati pabalaza pakhala mdima ngati m'phanga. Wopentayo sanalimbane nawo. Anangopaka kachigawo kakang'ono pafupi ndi chitseko nati tikaone m'mawa, masana, ndi usiku pa kandulo magetsi akathima. Anatifotokozera kuti mtundu wakuda umameza kuwala, n'chifukwa chake sapaka khoma lonse mpaka kudenga m'chipinda cha zenera limodzi ngati chathu. Kirimu wa m'mwamba ndi amene amabweza kuwalako. Patapita masiku awiri bambo a kunyumba okha anapita kukagula matini.

Ulendo woyamba wopaka ndinatsala pang'ono kulira. Khoma linali mawangamawanga, mizere ya bulashi ikuoneka paliponse. Wopentayo anangoseka nati penti yakuda siweruzidwa isanapakidwe kachitatu, ndipo ulendo uliwonse pentiyo iziyamba yauma usiku wonse. Analondola. Mzere wolekanitsa mitundu iwiriyo anauongola ndi chingwe, ndipo ndalama zimene anatilipiritsa ndichita manyazi kuzinena, kuchepa kwake.

Kwa amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp ngati penti ya bulauniyi imabisa litsiro: inde, zala za ana zamafuta sizioneka, mumangopukuta ndi kansanza konyowa. Koma fumbi la ku Blantyre kuno limaonekera msanga pa bulauni wonyezimira, ndiye musaganize kuti mwapuma kupukuta. Fungo lakenso ndi lamphamvu, tinasiya mazenera otsegula sabata yathunthu tisanalowetse ana.

Apongozi abwera dzulo. Ayang'ana uku ndi uku, akhala pampando, kenaka andifunsa ngati penti yatsalako yoti akapake kwawo ku Thyolo. Yatsala theka la tini, ndipo atenga.

Nonse amene ndakutchulani ndi amene ndakuiwalani, Lamulungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi bwerani kunyumba. Tiyi ndi mandasi zidzakhalapo. Mipando ndi inayi yokha, ena mutengeko mphasa.