Mpikisano woyamba wa bass: zisanu, zamoyo, nthawi yake

Mnzanga wina wandilembera usiku wathawu kuti walembetsa mpikisano wake woyamba wowedza nsomba zotchedwa bass ndipo tulo sakutiona, akuti agule chiyani, anyamule ndodo zingati, nanga akabwerako chimanjamanja anthu amuona bwanji. Ndamuyankha mwachidule pafoni koma nkhaniyi ndi yaitali, bola ndiilembe pano kuti ena omwe mtima ukuwagunda chimodzimodzi awerengeko.

Tsiku loyambalo ntchito yanu ndi imodzi basi, kufika pa sikelo nthawi yake muli ndi nsomba zisanu zamoyo. Mipikisano yambiri ya bass malire ake ndi nsomba 5 patsiku ndipo amayeza kulemera kwa zonse pamodzi, ndiye zisanu za mapaundi awiriawiri zimaposa chinsomba chimodzi cha mapaundi 7 chomwe mwathera tsiku lonse mukuchisaka. Ndikudziwa tonse timalota chibass chophwanya mbiri ya dziko lonse chija anagwira George Perry ku Georgia, ku America, mu 1932, cha mapaundi 22 ndi ma ounce 4, koma taganizani, panadutsa zaka 77 kuti Manabu Kurita adzalingane naye pa Lake Biwa ku Japan mu 2009. Zimenezo muzilote usiku, kukacha dzadzani kaye zisanu zanu, mukatero ndiye muyambe kusaka zazikulu nkumabweza yaing'ono m'madzi mukapeza yoiposa. Osasunga zisanu ndi imodzi m'boti olo kwa kanthawi kochepa, malamulo salola.

Nkhani ya malamuloyi, chonde awerengeni onse, kawiri, ndipo kumsonkhano womwe umachitika mpikisano usanayambe pitani mukafunse zomwe simunamve, palibe amene angakusekeni. Utali wovomerezeka umasiyana, nyanja zina mainchi 12, zina 14 kapena 15, ndipo poyeza nsomba kukamwa kumakhala kotseka. Ikangofika pamzere mokayikitsa ibwezeni, chifukwa kubweretsa yaifupi pa sikelo ndi chilango. Nyambo yamoyo ndiyoletsedwa, kukoka nyambo boti likuyenda ndi injini nakonso ayi. Injini yaikulu ikalira jekete yoyandamitsa ikhale pathupi yomangidwa, ndipo woyendetsa akhale atakola kachingwe kozimitsira injini kaja. Chiphaso chowedzera chikhale m'thumba. Kuchedwa ndiye kumawawa zedi, ku B.A.S.S., bungwe lokonza mipikisano ya bass ku America, amadula paundi imodzi pa mphindi iliyonse, mukapitirira mphindi 15 zonse za tsikulo zathera pompo.

Ngati mulibe boti, lowani ngati co-angler, ndikanakonda aliyense atayambira pamenepo. Amakuphatikizani ndi mwini boti, iye kutsogolo inu kumbuyo, ndipo tsiku limodzi lokha mumaphunzira zomwe panokha zikanakutengerani chaka. Koma ulemu, abale. Muimbireni madzulo ake mugwirizane nthawi, fikani msanga, mupatseni ya mafuta asanakufunseni, katundu wanu akhale wochepa woti asapunthwe naye, osaponya nyambo kutsogolo kwake kapena kudutsitsa chingwe pamwamba pa chake, ndipo malo omwe wakuonetsani ndi ake, osakawaulula kwa ena kapena kubwererako mawa lake ndi boti lina. Ngati malamulo akulola neti, akakola nsomba siyani zanu mumuthandize, nayenso adzatero kwa inu.

Za zida anthu amapanikizika nazo pachabe. Ndodo zitatu kapena zinayi zakwana, ndipo mumangepo nyambo zomwe manja anu anazizolowera kale, tsiku la mpikisano si loyesera zatsopano zomwe mwaona pa YouTube dzulo. Ine ndimati imodzi ikhale ya nyongolotsi ya pulasitiki pa Texas rig, chifukwa nsonga ya mbedza imabisika ndiye mutha kuiponya m'maudzu ndi m'zitsa osakodwa, ina spinnerbait kapena crankbait, nyambo zopanga zomwe mumaponya nkumakoka, yofufuzira malo aakulu mwachangu, ina yachitatu ya chingwe chopyapyala ndi wacky rig, nyongolotsi ya pulasitiki yokoledwa mbedza pakati, ya nthawi yomwe nsomba zangoti zii. Wokhala kumbuyo wacky rig imamupulumutsa kwambiri, poti madzi omwe mukuponyamo mnzanu wadutsamo kale ndi nyambo yothamanga, inu mukabwera ndi kanthu kotsika pang'onopang'ono yomwe inakana ija imadya. Mfundo yomangira mbedza ku chingwe yotchedwa Palomar muidziwe mpaka muzimanga osayang'ana, ndipo mukagwira nsomba kapena chingwe chikakhula pamwala, chisisiteni ndi zala, mukamva kukakala dulani mumangenso. Bass imakonda pobisala, mthunzi, mitengo yogwera m'madzi, m'mphepete mwa udzu, pansi pa doko. Madzi akafunda kufika madigiri 15 mpaka 18 a Celsius zimasendera kosaya kudzaikira mazira, kukatentha kwambiri zambiri zimatsikira kwakuya kapena kulowa mkati mwa udzu wothithikana.

Tsopano pomwe mtima wanga uli, kusamala nsomba. Mpikisano wanga woyamba kunali kotentha, ndinagwira zinayi mmawa ndithu ndipo ndinasangalala mpaka kuiwala kusuzumira mu livewell, thanki yosungiramo nsomba ija. Pampu inali itazima osadziwa. Potsegula masana ndinapeza yaikulu mwa zonse itagadama, mimba yoyera m'mwamba, ndinayesa kuitsitsimutsa koma ayi ndithu. Anandidula pa sikelo, koma chomwe chinandipweteka si chimenecho, ndi kuona nsomba yomwe yakhala zaka m'madzi aja ikufa chifukwa cha kusasamala kwanga, mpaka lero ndimaikumbukira. Mipikisano yoyambirira, monga uja anakonza Ray Scott pa Beaver Lake ku Arkansas mu 1967, nsomba zinkafika pa sikelo zakufa, ndipo mu 1972 bungwe lake la B.A.S.S. ndi pomwe linayamba zolimbikitsa kuzibweza zamoyo, nchifukwa chake lero nsomba yakufa imadulitsa, kwa iwo ndi ma ounce 4 pa iliyonse, ndipo m'mipikisano yambiri yakufa simungaitaye kuti muike ina.

Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pomwe nsomba ikatenthedwa imafuna wochuluka, ndiye vuto limabwera mbali zonse ziwiri. Dzadzani thanki mmawa madzi akadali ozizira, pampu iziyenda osaima kukatentha, batire likhale lodzadza, muzisintha madzi ena pakapita nthawi, ayisi muziika pang'onopang'ono osati kukhuthula thumba lonse kamodzi chifukwa kuzizira kwadzidzidzi nakonso kumapha. Muzisuzumira theka la ola lililonse. Nyowetsani manja musanaigwire kuti musachotse thelezi la pathupi pake, lija limaiteteza ku matenda, igwireni kumlomo wammunsi ndipo ikakhala yaikulu dzanja lina lichirikize kumimba, osaigoneka pakapeti youma. Ikameza mbedza mpaka mkati osakoka mwamphamvu, dulani chingwe. Yochokera kwakuya nthawi zina imangoyandama chammbali chifukwa kathumba ka mpweya m'mimba mwake katupa, imeneyo ipatseni munthu wodziwa kuiboola ndi singano, musayesere nokha tsiku loyamba.

Padzafika maola ena, kawirikawiri dzuwa likakwera, pomwe palibe chikugwedeza chingwe ndipo maboti ena akungodutsa mwaliwiro, mtima umayamba kunena kuti onse agwira kupatula ine, mumayamba kusintha nyambo mphindi zisanu zilizonse ndi kukoka mothamanga. Pamenepo imwani madzi, khalani pansi kamphindi, bwererani ku nyambo yomwe mumaikhulupirira nkuikoka mofatsa kuposa mmene mukufunira. Nyambo ikakhala m'manja mukumangamanga siingagwire kanthu.

Nyamukani kubwerera kukadali nthawi, muonjezere mphindi 15 kapena 20 pa zomwe mukuganiza, mphepo ikadzuka ulendo womwe unali waufupi mmawa umatalika. Pa mzere wa sikelo thumba la nsomba likhale ndi madzi okwanira ndipo muliviike m'mathanki omwe amaika pamenepo, osaima nalo padzuwa mukucheza. Olo muli ndi imodzi yokha kaiyezetseni ndithu. Mukatero musathamangire kunyumba, imani mumvetsere opambana akamafotokoza kuti anazipeza pakuya bwanji ndi nyambo yanji, ndipo madzulo omwewo mulembe m'kabuku kutentha kwa madzi, komwe mphepo inkachokera, ndi ola lomwe iliyonse inadya.