Kawuboyi wa buluku la kaunjika

Kuno ku South Bend, ku Indiana, Amalawi tilipo ambiri ndithu, ndipo aliyense ali ndi chake chotayitsa nthawi Loweruka. Ena mpira wa pa TV, ena kwaya, ena kuotcha nyama uku akukangana za ndale za kumudzi. Ine amene anandisocheretsa ndi mzungu wina wa chimimba amene timagwira naye shifiti ya usiku. Anandionetsa chithunzi pa foni atavala chipewa chachikulu, mfuti ziwiri m'chiuno, ndevu atazipotokola. Ndinamufunsa ngati amasewera m'mafilimu. Iye anati ayi, ndi kalabu chabe, ndibwere ndidzaone.

Masewerawa amawatchula kuti cowboy action shooting. Anayambira ku California, mpikisano wawo waukulu wa End of Trail unachitika koyamba mu 1982, ndipo bungwe lowayang'anira, Single Action Shooting Society, linakhazikitsidwa mu 1987. Likulu lake pano lili m'katauni ka Akron, konkuno ku Indiana, choncho mnzangayo amayankhula mwamatama kuti ndife eni ake. Mfuti zake ndi za mtundu wa m'zaka za m'ma 1800: mapisitolo awiri oti chipolopolo chilichonse uyambe wakoka kahamala ndi chala chachikulu, mfuti yaitali yokhala ndi chogwirira chokankhira pansi, ndi ina ya mipope iwiri. Zipolopolo ndi za mtovu, zandamale ndi zitsulo, ukalasa zimalira kuti ngwee! Agogo anga anali ndi gogodera yothamangitsira anyani m'munda, ndiye ndinadziuza kuti zimenezi zili m'magazi.

Mfuti sindinagule. Anthu a kalabuyo mlendo amamubwereka chilichonse, mpaka kukanganirana kuti agwiritse ntchito ya ndani. Chimene anandiuza kuti ndidzipezere ndekha ndi zovala, pakuti sungaime pamzere utavala tisheti ndi nsapato zothamangira. Ndinapita kusitolo ya kaunjika, ndikupeza malaya a mandalasi opanda kolala, chipewa chimene chinkandithina pang'ono, ndi buluku la ubweya limene mwini wake woyamba ayenera kuti ankadya bwino kuposa ine. Mabuluku a m'zaka za m'ma 1800 analibe timipata tolowetsa lamba (ngakhale a Levi's anayamba kutiika mu 1922), ankagwidwa ndi malamba a m'mapewa omangirira pa mabatani. Batani lina lakumbuyo linali likulendewera ndi ulusi umodzi. Mayi akunyumba analiona.

"Bambo, bweretsani ndilisoke."

"Lisiyeni, ndachedwa kale."

"Chabwino. Ine ndibwera nawo, foni ndatchaja."

Kumaloko ndinapeza timanyumba ta matabwa, kutsogolo kokha kumbuyo kulibe kanthu: iyi banki, iyi ndende, iyi bala. Aliyense ali ndi dzina lamasewera lolembetsedwa ku bungwe, moti anthu amatha zaka akuwombera limodzi osadziwana maina enieni. Ambiri anali a imvi. Wogwira wotchi m'gulu lathu anali gogo wina wamkazi, wamfupi, diresi lofika m'mapazi ndi kachipewa ka nthenga. Ndinamumvera chisoni kuti amuvutitsiranji pa dzuwa. Itafika nthawi yake, anamaliza zipolopolo 10 za mapisitolo, 10 za mfuti yaitali ndi zinayi za mipope iwiri ine ndisanamalize kumeza madzi amene ndinapapira.

Ndi yemweyo amene anandikhazika pansi n'kundiwerengera malamulo. Pisitolo ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi koma umaika zipolopolo zisanu, kahamala kagone pa chipinda chopanda kanthu. Umaikira pa tebulo lake, wina akukuyang'ana, ndipo ukamaliza umapita pa tebulo lina kukaonetsa kuti simunatsale kanthu. Ukaphonya akuwonjezera masekondi 5, ukasokoneza ndondomeko ya zandamale masekondi 10, ndipo pali anthu atatu amene ntchito yawo ndi kuwerenga zophonya zako basi. Kenako anandiloza ndi chala. Kukamwa kwa mfuti kuziloza kutsogolo nthawi zonse, kusadutse madigiri 170, zivute zitani. Ndipo mfuti yokhala ndi zipolopolo ikangogwa pansi, mpikisano wonse wathera pomwepo, uzipita kwanu.

Lamba wa mapisitolo anali wa mnzanga wa chimimba uja. Tinamanga pa bowo lomalizira koma ankasewerasewerabe, ndiye anangokhazikika pa mabatani a buluku. Chipewa chija chinali chitandipweteketsa mutu, ndipo nditaitanidwa ndinachikankhira kumbuyo kuti mphumi ipume. Ndinaona gogo uja akuchiyang'ana, koma sananene kanthu.

Musanayambe pali mawu amene mumayenera kunena, a m'kankhani kamene alembera malo amenewo. Anga anali akuti ndabwera kudzatenga ng'ombe zanga. Ndinawanena ndi mawu a bambo weniweni. Wotchi inalira, ndinanyamula mfuti yaitali.

Mfuti yaitaliyo, Winchester ya mtundu wa 1873, imalavulira zigoba za zipolopolo m'mwamba. Zimauluka n'kubwerera pamutu pa mwini wake, ndipo ntchito ina ya chipewa chachikulu chija ndi imeneyo, kuziwakha. Choyamba chinandidutsa pakhutu. Chachiwiri chinagunda paphewa. Chachitatu chinalowa bwinobwino pakhosi pa malaya opanda kolala, n'kutsetsereka pachifuwa mpaka kukaima pamchombo, chili chotentha moto.

Abale, munthu ukapsa dzanja limathamangira lokha pamalopo. Koma manja onse awiri anali pa mfuti, ndipo mawu a gogo uja anali akulira m'khutu. Ndiye ndinachita zimene thupi linatha: ndinakokera mimba mkati, ndikupinda msana, ndikugwedeza chiuno kuti chigobacho chisunthe. Kumbuyo ndinamva kuti thu! Lamba wa m'mapewa anandikwapula pakhosi. Batani linzake, poona kuti latsala lokha pa ntchito ya awiri, nalonso linatula pansi udindo.

Buluku linayamba ulendo. Silinathamange, linkatsika mwaulemu, ndipo lamba wa mapisitolo ankalitsatira pambuyo, mapisitolo onse awiri ali ndi zipolopolo. Ndinapanikiza mawondo pamodzi, mapazi kutali, matako kumbuyo, n'kupitiriza kuwomba, chifukwa palibe amene anati ndisiye. Chodabwitsa n'chakuti zitsulo zinayamba kulira motsatizana, ngwee, ngwee, ngwee. Sindinalasepo chonchija m'mbuyomo, ngakhale poyeserera.

Vuto linali lakuti mfuti ya mipope iwiri inali pa zenera la ndende, mapazi angapo kumanja. Ndinaika mfuti yaitali pansi bwinobwino, n'kuyesa phazi limodzi. Lamba anafika pakati pa ntchafu. Pamenepo ndinamva dzanja lolimba likundigwira kumbuyo. Gogo uja, wotchi ili m'dzanja lamanja pafupi ndi khutu langa, lamanzere anali atakwapatira lamba ndi buluku pamodzi, n'kuzikweza mpaka ndinaima ndi zala.

"Yenda, mwana wanga, ndakugwira. Yang'ana kutsogolo."

Tinayenda choncho, iye pambuyo ine patsogolo, ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Pa zenera la ndende ndinawomba zinayi zija atandigwira. Pa khomo la banki ndinasolola mapisitolo atandigwirabe, ndipo ankachita kundikwezera mbali imene ndikufuna kusolola. Anthu atatu owerenga aja anaima chilili, nkhope zili gwa, koma mmodzi mapewa ankamugwedezeka. Palibe anaseka mokweza mpaka nditafika pa tebulo lotsitsira, woyang'anira ataona kuti mfuti zonse zinayi zilibe kanthu. Atangonena kuti zili bwino, bwalo lonse linaphulika. Wina anachita kukhala pansi pa udzu.

Pa pepala la zotsatira ndinali womalizira, kutalitali ndi amene ananditsogolera, koma pa malo amenewo sindinaphonye ngakhale kamodzi. Mnzanga wa chimimba, amene anaphonya ziwiri buluku lake lili m'malo, mpaka lero nkhaniyi saikonda. Gogo uja anatulutsa mapini awiri m'kachikwama kake, n'kundiuza kuti chipewa achipangira mlomo waukulu si chifukwa cha dzuwa lokha.

Mayi akunyumba sanataye ngakhale sekondi imodzi. Tisanafike n'komwe pa msewu waukulu, vidiyo inali itazungulira gulu la WhatsApp la kubanja kwathu, la kubanja kwawo, ndi la amayi a kutchalitchi. Usiku womwewo foni inalira kuchokera ku Ntcheu. Anali amayi anga, ataonetsedwa ndi mdzukulu wawo.

"Iwe, kodi kumeneko kwayamba nkhondo?"

"Ayi amayi, ndi masewera chabe."

Anakhala kaye chete.

"Nanga mayi wachizungu wakugwira buluku uja ndani? Apongozi ako akumudziwa?"