Kalasi ya pansi pa bwemba

Pa maphunziro a ulezi omwe ndikuchita, gawo lomwe landigwira mtima kwambiri ndi la kuphunzitsa ana pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pomwe tili. Aphunzitsi athu satopa kutikumbutsa kuti mwana wa zaka 3 mpaka 5 amaphunzira ndi manja, maso, mphuno ndi lilime lomwe, ndipo kumukhazika phee pa mkeka kuti azingomvetsera n'kumumana njira zake zophunzirira. Anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe mutu umodzi, akauyese kunyumba, kenako adzafotokozere anzake. Ena anasankha madzi, ena ziweto. Ine ndinasankha mitengo, poti pakhomo pathu pali bwemba wamkulu, mango, papaya ndi chammwamba, ndipo kumunda kwa apongozi anga kuli msangu. Ophunzira anga ndi awiri: mwana wanga wamkazi wa zaka 4 ndi mwana wamwamuna wa achemwali anga, wa zaka 5.

Tinayamba ndi kuwerenga njere za bwemba, zija zofiirira, zosalala, zonyezimira, zomwe timangolavula tikatha kumung'unya. M'kalasi tinali titaphunzira za Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland amene anafufuza kaganizidwe ka ana mpaka pomwe anamwalira mu 1980. Iye anaona kuti mwana wamng'ono amaweruza kuchuluka kwa zinthu potengera maonekedwe ake. Ndinafuna kudzionera ndekha. Ndinandanda mizere iwiri pansi, uliwonse wa njere 5, moyang'anana bwino. Mtsikana wanga anavomera kuti ndi yofanana. Kenako, iye akuona, ndinatalikitsa njere za mzere umodzi osawonjezerapo kanthu. Nthawi yomweyo analoza wautaliwo: "Uwu ndiye wambiri, amayi." Tinawerenga limodzi, uku 5, uku 5. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso pansi, n'kubwereza kuti wautaliwo ndiwo wambiri. Mchimwene wake uja anakayikakayika, anawerenga yekha kawiri ndi chala, ndipo pomaliza anati, "Ndi chimodzimodzi, angozitayanitsa."

Mwana yemweyu amatha kuyimba manambala m'Chingelezi mpaka 20 osaphonya, ndipo alendo akabwera amamuyamikira. Koma kuyimba manambala ndi kudziwa kuchuluka ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo m'sukulu zambiri za mkombaphala timakhutira ndi yoyambayo chifukwa imamveka msanga kwa makolo. Yachiwiri imafuna kuti chala chikhudze njere imodzi pamene pakamwa pakutuluka nambala imodzi, ndiponso kuti mwana azindikire kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo ikunena kuchuluka kwa zonse. Ndiye tsopano timakumba timaenje pansi monga ta bawo, njere imodzi dzenje limodzi. Sindimukakamiza kuvomera zomwe maso ake akukana. Nthawi yake idzakwana, bola manja azigwira njere kawirikawiri.

Za masamba sindichulutsa mawu. Timatola ogwa okha, timawathira m'lichero, ndipo ana amawagawa m'magulu. Chomwe ndaphunzira apa n'chakuti ndisamawauze njira yogawira. Ine ndikanagawa potengera mtengo womwe achokera. Iwo anagawa obiriwira paokha, achikasu paokha, ndi "odyedwa ndi mbozi" paokha, ndipo gulu lachitatuli linatipatsa zokamba zambiri kuposa ena onse. Timayikanso pepala la kalendala yakale pa khungwa la mango n'kupakapo khala. Mizere ya khungwa imatuluka bwinobwino, ndipo zala zomwe zikugwira khalalo ndi zomwe zidzagwire pensulo ku Sitandade 1.

Bwemba ali ndi khalidwe lomwe akuluakulu ambiri sitiliona ngakhale timakhala pansi pake tsiku lililonse: timasamba take timapindana kukamada, n'kutambasukanso kukacha. Ndinawauza ana kuti ayang'ane nthambi yotsika imodzi masana, adzayang'anenso dzuwa litalowa. Mnyamata uja anabwera akuthamanga kukhitchini, ine ndili mkati movundula nsima: "Amayi aang'ono, mtengo wagona!" Kuyambira pamenepo amakauona okha madzulo popanda wowatuma. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo tinamanga jumbo yoonekera mkati pa kanthambi ka mango. Patapita kanthawi m'jumbomo munali timadontho ta madzi. Ndinafunsa kuti madziwo achokera kuti, poti mvula sinagwe. Mayankho anali ambiri, ena otalikira, koma tinafika mpaka pa mizu ndi dothi. Dzina la sayansi la zimenezi adzalipeza kupulayimale. Pano ndikufuna azolowere kuti funso lawo lili ndi malo.

Mtengo umene wandiphunzitsa kwambiri za kaphunzitsidwe ndi msangu. Mitengo yambiri imaphukira mvula ikayandikira n'kuyoyola masamba m'chilimwe, koma msangu umachita zosemphana: nthawi ya dzinja umakhala wopanda masamba, ndipo umabiriwira kunja kukauma. N'chifukwa chake alimi amausiya pakati pa munda. Sutchingira chimanga dzuwa, masamba omwe wagwetsa amawonjezera chonde m'nthaka, ndipo zipatso zake zopiringizika zimadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe nthawi yomwe msipu wasowa. Zimenezi sungamusonyeze mwana m'tsiku limodzi. Ayenera kuuona uli mbee chimanga chili msinkhu wake, adzauonenso uli bii anthu atakolola, ndipo payenera kukhala wamkulu womukumbutsa kuti ndi mtengo womwe uja. Apa ndi pomwe maganizo anga asinthira. M'ndondomeko zambiri za alezi mutu umatenga sabata imodzi, kenako timapita pa wina. Ine ndikuona kuti ndi bwino mwana akhale ndi mtengo wake umodzi womwe aziucheza chaka chonse, kusiyana n'kumuonetsa mitengo khumi pa tchati sabata imodzi yokha.

Pa mayina a mitengo, mphunzitsi weniweni ndi apongozi anga. Tikamapita kumunda amayima, n'kuloza ndi ndodo: uwu ndi msuku, uwu mlombwa, uja wa zipatso zolendewera ndi mvunguti. Anakanda pang'ono khungwa la mlombwa kuti ana aone utomoni wofiira ngati magazi, ndipo mtsikana wanga anafunsa ngati mtengowo ukumva kuwawa. Agogo ake anamuyankha kuti bala la mtengo limapola pang'onopang'ono, n'chifukwa chake sitimangotema chisawawa. Zimandikhudza kuti ana athu ambiri amazindikira apulo wa pa tchati asanadziwe mtengo womwe umabereka masuku omwe amadya chaka ndi chaka. Nzeru zimenezi zili m'mitu ya agogo m'midzi ndi m'matauni momwe, ndipo mlezi safunika ndalama kuti awaitane adzacheze ndi ana.

Pali zoyenera kusamala, ndipo sindizitenga mopepuka. Utomoni woyera wa nkhadze, womwe ambiri timapangira mpanda, umawononga maso. Njere za nsatsi n'zokongola koma ndi poizoni mwana akatafuna. Njere zing'onozing'ono ngati za masau sindipatsa mwana wosakwana zaka 3, chifukwa zimathera m'mphuno, m'khutu kapena pakhosi. Ndisanawalole kutola masamba ouma, ndimayamba ndagwedeza muluwo ndi ndodo.

Panopa tafesa. Tinadula mabotolo apulasitiki, n'kuboola pansi, n'kuthiramo dothi losakaniza ndi manyowa. Chammwamba chinamera pasanathe masabata awiri, ndipo ndi chabwino kuyamba nacho poti mwana sadikira nthawi yaitali. Njere za malambe zili ndi chikopa cholimba, ndiye tinaziviika m'madzi otentha usiku wonse tisanafese. Izi zikutiphunzitsa kudikira. Mwana aliyense ali ndi kamtengo koyezera, ndipo Loweruka lililonse amalemba chizindikiro pomwe mbande yake yafika. Tidzawokera m'nyengo yodzala mitengo, yomwe ku Malawi kuno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo bambo awo alonjeza kudzamanga timipanda totchinga mbuzi.

Funso lomwe ndikupita nalo m'kalasi ndi ili: zonsezi zayenda chifukwa ndili ndi ana awiri okha ndi bwalo langa. Pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi, mlezi mmodzi amakhala ndi khamu la ana, ena a zaka 2 omwe amaika chilichonse m'kamwa. Ndikuganiza zoyesa timagulu ta ana 5, gulu lililonse ndi mtengo wake ndi kholo limodzi lothandizira, ndipo ndikufuna ndimve kwa anzanga amene akuphunzitsa kale ngati makolo angavomere kumabwera nthawi ya ulimi.